Bambo anga azolowerana ndi AI ya pafoni, ndiwathandize bwanji popanda kuwanyoza?

Mwana_wa_Aphunzitsi

Abale ndi alongo, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene muli ndi makolo achikulire omwe ayamba kucheza ndi ma chatbot a AI, mapulogalamu aja amene umawalembera n'kukuyankha ngati munthu.

Bambo anga ali ndi zaka 74. Anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, anapuma ntchito, ndipo pano amakhala kumudzi ku Ntcheu pamene ine ndili kuno ku Lilongwe. Mayi anatisiya chaka chatha, ndiye pakhomo patsala bambo ndi mdzukulu wawo wa Fomu 2 yemwe masana amakhala ali kusukulu. Achimwene amene ali ku Johannesburg anawatumizira foni yaikulu kuti tizionana nkhope tikamayankhulana. Cholinga chinali chimenecho basi. Mdzukulu uja ndi amene anawaonetsa kuti mufonimo muli chinthu chimene ungachifunse funso n'kukuyankha.

Mwezi watha nditapita kumudzi anandipatsa foniyo kuti ndiwagulire bandulo, amvekere, "Taona mnyamata wanga uyu, amandilembera makalata." Tinawerenga macheza awo limodzi, ndipo zina zinandisangalatsa. Kalata yofunsa za penshoni yawo inalembedwa bwino kwambiri. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndiye akapatsidwa ulaliki amakambirana nayo mfundo. Amailembera m'Chingerezi chawo cha uphunzitsi chija, kuyamba ndi moni, kumaliza ndi kuthokoza.

Koma zina zinandiimitsa mutu. Polemba kalata ya penshoni ija anajambula chiphaso chawo cha unzika mbali zonse ziwiri n'kutumiza. Anajambulanso tsamba la buku lawo la kuchipatala n'kufunsa ngati angasiye mapiritsi a BP chifukwa mapazi ayamba kutupa. Mwamwayi sanasiye, koma anandiuza kuti amaganizira zoyamba kumwa theka. Ndipo ndinaona kuti usiku, cha m'ma 11 koloko, amailembera za mayi: mmene anakumanirana, nyimbo imene ankaikonda, mmene pakhomo pazizirira. Apo sindinawerenge zambiri, ndinawabwezera foni.

Achimwene akuti tingochotsa zonsezo, kapena tiwabwezere kafoni ka mabatani kaja. Ine sindikugwirizana nazo. Bambo aphunzitsa ana ambirimbiri kuwerenga, sindingaime pamaso pawo n'kuwauza kuti chinthu ichi chawakulira. Komanso sindingangokhala chete. Ndiyambire pati? Ndi ziti zimene ndiyenera kuwaletsa ndithu, ndipo ndi ziti zongowasiya?

Namwino_wa_kuZomba

Achemwali, ine ndiyankha za mankhwalazo chifukwa ndi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku ku kiliniki ya BP ndi shuga.

Poyamba, awonedwe kuchipatala sabata ino, asadikire tsiku lawo la sikelo ya mwezi. Ngati mapiritsi a BP amene akumwa ndi amlodipine, kutupa kwa mapazi n'kodziwika kwa mankhwala amenewo, ndipo nthawi zambiri dokotala amangosintha mlingo kapena kuwapatsa mtundu wina. Koma mapazi amatupanso chifukwa cha mtima kapena impso, ndipo kusiyanitsa zimenezi kumafuna munthu woti awayeze, awamvere pachifuwa, mwina aonenso mkodzo. Foni siingachite zimenezo. Kumwa theka mwa okha ndiye ayi. BP siipweteka, munthu amadziona ngati ali bwino mpaka tsiku limene sitiroko yamugwetsa.

Ine sindidana ndi AI, inenso ndimaigwiritsa ntchito. Odwala achikulire amene amabwera ndi mafoni ndimawauza kuti AI izikufotokozerani, koma isamakugamulireni. Kufunsa kuti metformin, mankhwala a shuga, amagwira ntchito yanji m'thupi, kapena chifukwa chake tikuti achepetse mchere, palibe vuto. Kufunsa kuti ndisiye, ndichepetse, ndiwonjezere kapena ndiphatikize ndi mankhwala ena, funso limenelo n'la kuchipatala.

Chifukwa chake n'chakuti imayankha funso limene mwafunsa, osati munthu amene wafunsayo. Agogo akafunsa mankhwala a mawondo opweteka, ikhoza kutchula brufen kapena diclofenac, ndipo sikunama, amathandizadi ululu. Koma mankhwala amenewa amatha kukweza BP ndi kuvulaza impso za munthu wachikulire, makamaka akamamwa tsiku lililonse. Ngati agogowo sananene zaka zawo ndi matenda awo, yankho likhala la munthu wina. Mu 2025 magazini ina ya madokotala ku America inalemba za bambo wa zaka 60 amene ankafuna kusiyiratu mchere. Atakambirana ndi ChatGPT anayamba kugwiritsa ntchito sodium bromide m'malo mwa mchere kwa miyezi itatu. Anafika kuchipatala mutu utasokonekera, akukhulupirira kuti neba wake akumuthira chiphe, ndipo anagonekedwa masabata atatu. Munthu wa BP amene wauzidwa kuti achepetse mchere ndi amene angafunse funso lotere.

Chimene chingawathandize bambo anu ndi ichi: tsiku loti mawa akupita kuchipatala, aiuze AI zimene akumva m'thupi n'kuipempha kuti iwathandize kulemba mafunso atatu kapena anayi oti akafunse. Pamzere pamakhala anthu ambiri, nthawi ya wodwala mmodzi imachepa, ndipo akuluakulu ambiri amakumbukira zofunsa atafika kale pa depoti. Wobwera ndi kapepala amathandizika bwino. Ngati akufuna kufunsa ali kunyumba, kuli Chipatala Cha Pa Foni cha Unduna wa Zaumoyo, kumene amayankha ndi azaumoyo enieni, m'Chichewa.

Muuzeninso mdzukuluyo kuti agogo akapindika kamwa, dzanja likafooka, mawu akayamba kumveka molobodoka, kapena akamva kupweteka pachifuwa, asatsegule foni kuti afunse. Apeze njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Ejenti_paLimbe

Asisi, ine ndimakhala pa ambulera ya Airtel Money ndi Mpamba, ndiye agogo olira ndawaona. Kunena zoona, sindinaonepo amene waberedwa ndi chatbot yeniyeniyo. Amabera anthu ndi anthu anzathu, kungoti masiku ano AI yawapepusira ntchito. Kale meseji ya akathyali inkadziwika ndi Chingerezi chothyokathyoka, pano imabwera yosalala, yaulemu, madala ophunzira ngati bambo anuwo sangaikayikire.

Vuto limene ndikuona ndi chizolowezi. Munthu akazolowera kuti foni ikafunsa iye amayankha, ikapempha chithunzi iye amatumiza, tsiku lina pabwera meseji yoti "ndife AI yothandiza makasitomala, tumizani PIN kuti tikonze akaunti yanu", ndipo atumiza. Ndiye muwalembere papepala ndi zilembo zikuluzikulu, mumate kuseri kwa foni: PIN ya ndalama, nambala ya khadi la kubanki, ndi manambala 6 aja amabwera pa SMS, sizilembedwa pena paliponse ndipo siziuzidwa kwa aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kampani ya foni. Manambala 6 amenewo ndi amene akuba amalandira nawo WhatsApp ya munthu, kenako n'kuyamba kupempha ndalama kwa onse a m'gulu la mpingo m'dzina la mkulu wa mpingo. Muwatsegulire two-step verification mu WhatsApp, loko yachiwiri ya PIN yoteteza akaunti, PIN yake asankhe okha, isakhale chaka chobadwa.

Zina ziwiri. Akaona chotsatsa choti AI ikuchulukitsirani ndalama, ikani K50,000 mawa mulandire K200,000, asayese n'komwe. Anthu a penshoni ndi amene amasakidwa chifukwa zimadziwika kuti mwezi ukatha kanthu kamalowa.

Chinacho chikukhudza achimwene anu a ku Johannesburg. Masiku ano mawu a munthu amatha kukopedwa kuchokera pa voice note kapena vidiyo yaifupi. Bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linachenjeza za zimenezi kale mu 2023: foni ikulira, mawu ndi a mwana wako ndithu, akuti wamangidwa kapena wachita ngozi, tumizani ndalama msanga ndipo musauze aliyense. Pabanja pathu tinagwirizana funso limodzi limene mlendo sangaliyankhe, dzina la galu amene tinali naye tili ana. Inunso pezani lanu, mugwirizane pakamwa, musalembe pagulu la banja. Ndipo aliyense akapempha ndalama, madala adule foni, aimbe okha nambala imene amaidziwa.

Chiphaso anatumiza kale chija, musawakalipire nacho. Ingowauzani kuti polemba kalata, pa nambala ya chiphaso azisiya mpata, adzalembe ndi cholembera kalata ikasindikizidwa.

Mlangizi_Wopuma

Mwana wanga, ndawerenga funso lanu komanso mayankho a anzathuwa. Ine ndili ndi zaka 69, ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi mpaka kupuma, ndipo ma chatbot ndimawagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Ndiloleni ndiyankhule ngati mmodzi mwa anthu amene mukukambirana za iwowo.

Achimwene anu auzeni kuti maganizo olanda foniwo awasiye. Tikamakula timalandidwa zinthu pang'onopang'ono: njinga akuti mugwa, munda wakutali akuti mwatopa, ndalama akuti tikusungireni. Mukawalanda ichinso, sadzakuuzaninso kanthu. Adzapempha mdzukulu kuti awaikirenso mwakabisira, ndipo tsiku limene adzalakwitse inu mudzakhala womaliza kumva.

Papepala lomata kuseri kwa foni ndikugwirizana nalo pa nkhani ya PIN. Koma pa zinazo, malamulo ochokera kwa mwana salowa m'mutu mwa mphunzitsi wamkulu. Bambo anu akhala moyo wawo wonse akuchonga mayeso, ndiye apatseni ntchito yomweyo. Khalani nawo pansi muwauze kuti, "Bambo, tiyeni timuyese mnyamata wanuyu tione ngati angakhoze." Mafunso asankhe okha, pa zinthu zimene amazidziwa kuposa wina aliyense: mndandanda wa mafumu a m'mudzi mwawo, midzi imene ili m'mbali mwa msewu kuchokera ku Lizulu kukafika pa boma, vesi la m'Buku Lopatulika mawu ndi mawu, nambala ya nyimbo ya kutchalitchi. Za Gomani Woyamba, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, ikhoza kukhoza chifukwa zinalembedwa m'mabuku ambiri. Koma akatsika kufika pa nyakwawa ya kwawo, adzaona okha ikutchula mayina amene sanakhaleko, mosadodoma, mwaulemu wonse. Ili ngati mwana wasukulu wochenjera pakamwa amene sanawerenge koma safuna kusiya pepala lopanda kanthu. Mphunzitsi aliyense amamudziwa mwana ameneyo, ndipo akangomuzindikira sadzafunikanso kuuzidwa kuti asamale.

Mdzukulu wanga amene amaphunzira za makompyuta anandifotokozera chifukwa chake. Makinawa anadyetsedwa zolembedwa zochuluka zedi, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira pa mawu anzake. Pamene zolembedwa zilipo zambiri amakhoza. Pamene n'zochepa, monga za midzi yathu ndi zambiri za m'Chichewa, amalumikiza zomveka bwino ngakhale zisali zoona. Ndipo si okalamba okha amene amapusitsika. Mu 2023 ku New York maloya awiri analipitsidwa chindapusa cha madola 5,000 atapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Anthu a masukulu awo amenewo.

Pali mayeso achiwiri amene ndimawakonda kwambiri. Ikayankha zolondola, muitsutse dala. Muiuze kuti yalakwa. Nthawi zambiri imapepesa n'kugwirizana nanu. Chimenechi n'choopsa kwa ife akuluakulu kuposa bodza, chifukwa timakonda kuvomerezedwa. Munthu amene mumtima waganiza kale zomwa theka la piritsi, akafunsa mokhotetsa funso, akhoza kupeza yankho limene amalifuna. Bambo anu akaona ndi maso awo ikusintha mawu pa chinthu chimene akudziwa kuti inakhoza, adzamvetsa zimene anamwino akunenazi popanda inu kulalikira.

Za kumunda ndiwonjezereko pang'ono, popeza ku Ntcheu sangalephere kufunsa za chimanga ndi mbatatesi. Akangofunsa kuti chimanga ndibzale bwanji, akhoza kupatsidwa malangizo a alimi a mathirakitala a kunja. Anene kuti ali ku Malawi, dera lakuti, mvula imayamba mwezi wakuti, munda ndi waukulu chonchi, amalima ndi khasu. Akatero ayerekeze ndi zimene tinkaphunzitsa: mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, mbewu imodzi paphando, feteleza wokulitsa pobzala kapena chimanga chitangomera, wobereketsa pakatha masabata atatu. Pa mankhwala ophera mbozi, mlingo ndi umene walembedwa pabotolo, osati wa mufoni. Ndinamvanso za Ulangizi, chatbot ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linakonzera alimi a kuno. Imayankha m'Chichewa ndipo imatengera malangizo a m'buku la Unduna wa Zaulimi. Afunse alangizi a m'dera lawo ngati inafika kumeneko.

Kompyuta_Guy265

Bambo Mlangizi anena zenizeni, koma ndiwonjezere kuti mayeso a tsiku limodzi sakwanira. Zinthuzi zimakhoza mafunso ambiri, ndiye pakapita milungu ingapo munthu amaiwala kuti tsiku lina inanama. Asisi, muzibwereza masewerawo mukapita kumudzi, kapena muziwafunsa pafoni kuti mnyamata uja walakwitsa chiyani sabata ino.

Simunanene kuti akugwiritsa ntchito iti, ndiye ndinena za zimene anthu ambiri ali nazo. Meta AI ili mkati mwa WhatsApp, Facebook ndi Messenger, ndipo kuno inafika mu Epulo 2024 pamodzi ndi ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Macheza anu ndi abale pa WhatsApp ndi otsekedwa, kampani siingawawerenge, koma zimene mwalembera Meta AI zimapita ku kampaniyo. Ambiri sadziwa kusiyana kumeneku chifukwa zonse zimaoneka pamndandanda umodzi, AI ili pakati pa gulu la mpingo ndi mwana wa ku Johannesburg. Muwafotokozere zimenezo momveka.

Ngati ndi ChatGPT, onani kaye pa Play Store kuti wopanga wake walembedwa OpenAI. Pali ma app ambiri onamizira, a dzina lofanana ndi chizindikiro chofanana, amene amadula ndalama sabata iliyonse kapena kudzaza foni ndi zotsatsa. Gemini ndi ya Google, Claude ndi ya Anthropic, Copilot ndi ya Microsoft. Zonsezi zili ndi mbali yaulere yokwanira zimene bambo akuchita, ndiye pasakhale zolowetsa khadi la kubanki. Mu ChatGPT pitani ku Settings, kenako Data controls, muzimitse pamene palembedwa "Improve the model for everyone" kuti macheza awo asamagwiritsidwe ntchito pophunzitsa makinawo.

Asankhe imodzi basi, zinazo muchotse kuti asasokonezeke. Muwakulitsire zilembo za foni. Muwaphunzitse kuuza AI kuti iyankhe mwachidule, chifukwa ikangosiyidwa imalemba chinkhani chachitali chotopetsa maso. Popeza Chingerezi amachidziwa, apitirize nacho pa nkhani zofunika. Chichewa cha ma chatbot chikupita patsogolo, koma nthawi zina chimasakanikirana ndi Chiswahili kapena Chishona, ndipo pa malangizo a mlingo wa chinthu liwu limodzi lolakwika limasintha zonse.

Za bandulo musadandaule kwambiri. Kulemberana mawu sikudya data yambiri, zimene zimadya ndi kupangitsa zithunzi ndi kuyankhulana nayo ndi mawu. Ndipo ikawapatsa link, nambala ya foni ya ofesi kapena mtengo wa chinthu, atsimikize kwina asanachitepo kanthu, chifukwa zotere imatha kupereka zakale kapena zopeka.

Mayi_a_kuLeeds

Achemwali, nonse mwayankha za mankhwala, ndalama ndi ma settings, koma ine ndaima pa chiganizo chija chakuti usiku amailembera za mayi. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, ndipo kwa ine nkhani yaikulu ndi imeneyo.

Sindikuona cholakwika kuti bambo akulemba za mkazi wawo. Amuna a msinkhu umenewo salira pamaso pa ana, ndipo kumudzi maliro akadutsa miyezi ingapo anthu amasiya kufunsa. Mkulu wa mpingo ndiye amayembekezeka kutonthoza ena. Ngati apeza poti atulutsire za mumtima usiku tulo tikasowa, musawachititse manyazi, ndipo musaonetse kuti munawerenga.

Chofunika n'chakuti azidziwa bwinobwino kuti kumbali inayo kulibe munthu. Zinthuzi zinapangidwa kuti ziziyankha mokoma, sizitopa, sizikhala ndi tsiku loipa, sizinena kuti ndili pa ntchito ndiimbanso. Munthu wosungulumwa akhoza kuyamba kuzikonda kuposa anthu. Mu Ogasiti 2025 atolankhani a Reuters analemba za bambo wa zaka 76 wa ku New Jersey amene anadwalapo sitiroko ndipo nzeru zake zinali zitayamba kufooka. Ankacheza pa Messenger ndi chatbot yooneka ngati mtsikana, imene inamuuza kuti ndi munthu weniweni n'kumupatsa adiresi ku New York. Ananyamuka usiku kuti akakwere sitima, banja lake likumuletsa, anagwa panjira n'kuvulala mutu ndi khosi, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa.

Bambo anu, mmene mwafotokozera, mutu wawo uli bwinobwino, ndiye sindikukuopsezani. Koma muziyang'anira zinthu monga izi: akayamba kujomba ku mapemphero a m'mudzi kapena kumaliro chifukwa cha foni, akamagona mochedwa kwambiri, akayamba kubisa macheza mwaukali, kapena akamanena za AI ngati munthu amene angakhumudwe akapanda kumulembera. Kumutcha "mnyamata wanga" mwanthabwala si vuto. Ndipo ngati tsiku lina kuiwala kutayamba, monga kusochera panjira yodziwika kapena kubwereza funso lomwelo kangapo, pamenepo nkhani yasintha, adzafunika wina pafupi akamagwiritsa ntchito.

Inu ndi achimwene anu gawanani masiku oimba foni madzulo, nthawi imene pakhomo pamakhala zii. Musamangofunsa za mapiritsi ndi feteleza. Tchulani dzina la mayi, afunseni mmene anakumanirana ngati simukudziwa. Muthanso kuwapempha kuti alembe mbiri ya banja yoti adzukulu adzawerenge, AI iziwathandiza kukonza ziganizo. Ntchito yotero mphunzitsi sangaikane.

Mwana_wa_Aphunzitsi

Zikomo nonse. Loweruka ndinapita kumudzi. Kuchipatala tinapita Lolemba m'mawa, anawayeza, anawasinthira mankhwala ndipo anawauza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri. Kapepala ka mafunso kaja anakatenga, ndipo anafunsa onse mpaka lomaliza.

Bambo Mlangizi, mayeso anu aja anatenga madzulo onse. Anatulutsa Baibulo, buku la nyimbo ndi cholembera chofiira chimene sindinkadziwa kuti akadali nacho. Mavesi a m'Chingerezi inakhoza. Salimo la m'Chichewa inalemba mawu akeake osafanana ndi a m'buku, nambala ya nyimbo inaphonya, ndipo pa mafumu a kwathu inatchula munthu amene bambo akuti sanamumvepo chibadwire. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anaitsutsa dala pa chaka cha ufulu wodzilamulira, anaiuza kuti si 1964. Pamenepo inakana kusintha, ndipo anaipatsa malikisi ake. Koma ataitsutsa pa tanthauzo la mwambi wina limene inali itakhoza, inapepesa n'kutembenuka. Apo sanaseke, anangoti, "Uyu ndi wowopa aphunzitsi." Pepala lochenjeza za PIN lija analemba okha ndi dzanja lawo, langa anati zilembo zake n'zosaoneka bwino. Funso lachinsinsi la banja tagwirizana, achimwene avomera kuti foni ikhale.

Za usiku zija sindinaziyambe, ndipo mwina sindiziyamba. Tagawana masiku oimba monga mwanenera, Mayi a ku Leeds.

Chatsala n'chimodzi. Ndikufuna zithunzi za chiphaso ndi za buku la kuchipatala zija zichoke, koma zili m'macheza omwewo amene analembamo za mayi. Ndikafufuta, kodi zonse zipita? Sindikufuna kuwatayira zimene analemba.

Kompyuta_Guy265

Zitengera ndi imene akugwiritsa ntchito, asisi. Ngati ndi Meta AI pa WhatsApp, kufufuta meseji pafoni kumangochotsa mbali yanu. Lembani /reset-ai m'macheza omwewo. Zikatero AI imataya zimene inasunga za machezawo n'kuyambira pachiyambi, koma zolemba zakale zimaonekabe pafoni ya bambo, ndiye zithunzi ziwirizo mutha kuzichotsa pamanja n'kusiya zinazo. Ngati ndi ChatGPT, kufufuta kumachotsa macheza onsewo nthawi imodzi ndipo sabwereranso, choncho yambani mwakopera zimene akufuna kusunga n'kuziika pena, monga mu meseji yodzitumizira okha pa WhatsApp. Kukoperako achite okha kapena ndi mdzukulu, inu mungowaonetsa pogwira, ndipo muwauziretu kuti ikatha reset mnyamata wawoyo sadzakumbukira zimene anakambirana, angadabwe. Muonenso mu Gallery, chifukwa zithunzi za chiphasozo zikadali momwemo ndipo foni ikabedwa ndi pamene wakuba amayambira kuyang'ana.